Zodzazira m'makoko a zipolopolo: zizindikiro za vuto, gwero lake ndi pofunika kulekera

Nkhaniyi imayamba mofanana nthawi zonse. Munthu ali ndi mfuti ya khoko lalikulu, kaya .45-70 Government, .375 H&H, .458 Winchester Magnum kapena ya mipope iwiri ya .470 Nitro Express. Akufuna zipolopolo zofewerapo zoti aziyeserera osaphwanya phewa, ndiye wathira onga wochepa. M'khoko mwatsala mpata waukulu, mnzake wa kobowola zikwangwani n'kumuuza kuti angotsekerapo ndi kathonje. Miyezi iwiri isanathe, makoko ayamba kukakamira m'chemba.

Malangizowa ndi a anthu amene amadzaza okha zipolopolo m'mayiko omwe lamulo limalola, monga America, Australia, Britain ndi South Africa. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limalola mwini chiphaso kudzaza zipolopolo za mfuti imene ili pa chiphasocho, ndipo limaika malire a ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse kwa munthu wamba (primer ndi kachitsulo ka kumbuyo kwa chipolopolo kamene kamayatsa onga). Ngati muli ku Malawi kapena ku Zambia, musaganize kuti chiphaso cha mfuti chakupatsani kale ufulu wopanga zipolopolo. Yambani mwafunsa apolisi. Muno simupezamo muyezo wa onga wa chipolopolo chilichonse. Umenewo umachokera m'mabuku a makampani opanga onga, amene ali ndi zida zoyezera pulesha.

Mawu anayi kuti timvane: khoko ndi chigoba chachikasu chija, mutu ndi mbali imene imauluka, chemba ndi malo amene chipolopolo chimakhala kumayambiriro kwa mpope, ndipo chodzazira ndi chimene pa mapaketi amalemba kuti filler.

## Mpatawo umachokera kuti

Makoko ambiri aakuluwa sadapangidwire onga wa masiku ano. Khoko la .45-70, la m'chaka cha 1873, lidali lonyamula magrain 70 (grain ndi muyezo wa kulemera kwa onga ndi mitu) a onga wakuda, umene unkalidzaza mpaka kukhosi. A ku Britain, monga .416 Rigby ya 1911 ndi .375 H&H ya 1912, ankathiridwa cordite, onga wooneka ngati timitengo, ndipo ambiri mwa makoko a nthawi imeneyo adakulitsidwa dala kuti pulesha isakwere m'madera otentha ngati India ndi kuno ku Africa. Onga wosafuka utsi wa lero umatenga malo ochepa. Mukauchepetsanso, umangogona pansi pa khoko ngati mchenga m'botolo, ndipo moto wa primer umaupeza pamalo osiyanasiyana malinga ndi mmene mwagwirira mfuti.

Zimene anthu amaikamo zili m'magulu anayi:

- zanyenyenye zopepuka: Dacron, amene ndi thonje lapulasitiki la m'mapilo, ndi kapok, thonje la mumtengo;
- timasiponji todula kale, monga timene kampani ya Kynoch imagulitsa ta makoko a Nitro Express;
- zaufa: Cream of Wheat (ufa wa tirigu wophikira phala), ufa wa chimanga, ndi timibulu tapulasitiki timene amathira pakati pa machaka a shotgun;
- zolimba zokanikizira pamwamba pa onga: katoni, koko (cork, yonga yotsekera mabotolo), kapena pepala la kuchimbudzi lopindapinda.

Kusiyana kumene kumapulumutsa kapena kuwononga mfuti n'kumeneku: chodzazira chenicheni chimadzaza mpata wonse, kuchokera pa onga mpaka kukhudza pansi pa mutu. Chinthu chimene chatsindiridwa pa onga, pamwamba pake n'kutsala mpweya, sichodzazira ayi. Ndi chitsekerero, ndipo theka la mavuto ali m'munsimu limachokera pamenepo.

## Chizindikiro 1: Khoko likukana kutuluka, ndipo lili ndi mzere wozungulira

Ili ndiye vuto lalikulu, lomwenso silibwerera m'mbuyo. Khoko lowomberedwa limatuluka movutikira, ndipo mukaliyendetsa chala mumamva kamzere kotukuka kozungulira, kawirikawiri pamalo pamene panali tsinde la mutu. Pa makoko owongoka ngati .45-70 kamakhala chapafupi ndi kamwa. Pa makoko a khosi, opapatiza kumtunda ngati botolo, kamakhala pakhosi pomwepo. Chachitika n'chakuti chitsulo cha chemba chafufuma pang'ono mozungulira, ngati mphete, ndipo khoko likamatukuka powombera limalowa m'ngalandeyo n'kukola.

Chonyenga chake n'chakuti mpheteyi siimabwera ndi phokoso lachilendo. Nthawi zina imabadwa pa kuwombera kumodzi, koma nthawi zambiri imakula pang'onopang'ono, mwina munthu atawombera zipolopolo zambirimbiri zomwezo popanda dandaulo. N'chifukwa chake mawu akuti "ine ndakhala ndikuchita chonchi zaka khumi" sindiwawerengera kwenikweni.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Chitsekerero pa onga, mpata pamwamba. Katoni, koko, kapena Dacron wochepa amene watsindiridwa ndi pensulo mpaka kukhala kampira kolimba.
2. Chodzazira chochepa chimene chidatsika. Pothira chinkafika pa mutu, koma zipolopolo zitagwedezeka m'galimoto pa msewu wa fumbi, kapena m'magazini ya mfuti yokankha kwambiri, chaphwa n'kusiya mpata.
3. Onga woyaka msanga, wa mtundu wa mfuti zam'manja kapena shotgun, utaikidwa limodzi ndi chodzazira m'khoko lalitali.
4. Chitsulo chofewa cha mfuti zakale. Mipope ya m'zaka za m'ma 1800 ndi zipupa zopyapyala za mfuti za mipope iwiri sizipirira zimene mfuti yamakono ingapirire.
5. Pa onga wakuda: mpata uliwonse pakati pa onga ndi mutu. Amene adagwirapo gogodera akudziwa kuti chipolopolo amachitsindira mpaka chikhale pa onga. Lamulo lomwelo limagwira ntchito m'khoko.

Anthu amakonda kufotokoza kuti chitsekerero chimathamanga n'kukamenya mutu ngati nyundo. Kufotokoza kumene kuli ndi umboni wochuluka ndi kwa funde la mpweya. Paul Vieille, katswiri wa ku France amene adapanga onga wosafuka utsi wotchedwa Poudre B mu 1884, adaonetsa kuti onga ukaunjikana mbali imodzi ya chotengera chachitali, mpweya wake umathamangira mbali inayo, n'kukagunda kumapeto ndi pulesha yoposa ya pena paliponse. M'khoko, kumapetoko ndi tsinde la mutu. Mpweyawo ukaima mwadzidzidzi umakankhira m'mbali, pa chipupa cha chemba. Charlie Dell, katswiri wa ku America wa mfuti zowombera chipolopolo chimodzichimodzi, adayesa kupanga mphetezi dala, n'kupeza kuti zimatha kubwera ngakhale popanda chitsekerero, bola onga wasanjika bwinobwino kumbuyo kwa khoko mfuti italoza kumwamba. Tanthauzo lake n'lakuti ntchito yoipa ya chitsekerero ndi kugwira onga pamalo oopsawo ngakhale mfuti itagona.

Zoyenera kuona:

- Sanjikani makoko asanu kapena khumi owomberedwa pa thebulo. Ngati mzere uli pamalo amodzimodzi pa onse, vuto lili m'chemba, osati m'khoko.
- Yezani ndi micrometer (chida choyezera kunenepa kwa tinthu tating'ono) pamwamba pa mzere, pa mzere, ndi pansi pake.
- Mfuti itatsitsidwa zipolopolo, tsukani chemba, muunikemo ndi tochi mopendeketsa. Mphete imaoneka ngati kamthunzi kozungulira.
- Musasokoneze ndi mzere wowala umene umaoneka pafupi ndi tsinde la khoko. Umenewo ndi chizindikiro chakuti khoko latsala pang'ono kuduka, ndipo mukalowetsa kawaya kopinda nsonga mumamva kangalande mkati. Nalonso ndi vuto loti musiye kuwombera, koma gwero lake ndi lina.

Kukonza: palibe chimene mungachite pakhomo. Musapale chemba ndi sandipepala kuti khoko lizituluka, mukungokulitsa dzenje. Lekani kuwombera mfutiyo, ngakhale ndi zipolopolo za m'sitolo, mpaka mmisiri wa mfuti ataiona. Zipolopolo zonse za gulu limenelo ziphwasulidwe.

## Chizindikiro 2: Bolt (chotsekera chemba) ikulimba potsegula, primer yaphwatalala

Zizindikiro zina za gulu lomweli: primer yatuluka kapena yazunguliridwa ndi mwaye, pansi pa khoko pali chidindo chowala cha ejector (kachitsulo kotulutsa khoko), primer yatsopano ikungolowa yokha m'khoko lowomberedwa kamodzi, kapena mfuti yakankha kuposa mmene muyezo wochepawo uyenera kukankhira.

1. Chodzazira chawonjezedwa pa muyezo umene udayesedwa popanda chodzazira. Ili ndi phunziro limene ambiri amaliphonya. Chodzazira chimachepetsa malo amene mpweya ungafufumire, komanso kulemera kwake kumawonjezera pa katundu amene onga uyenera kukankha. Magrain 20 a ufa kumbuyo kwa mutu wa magrain 150 apanga chipolopolo china, chosiyana ndi chimene chili m'buku. Muyezo wa m'buku ukakhala kuti sudatchule chodzazira, ndiye kuti sudayesedwe nacho.
2. Zaufa m'khoko la khosi. Mu .303 British, .308 Winchester kapena .30-06, ufa wonse uyenera kupanikizika kuti udutse pa phewa la khoko n'kulowa pakhosi popapatiza. Pamenepo umagwirana n'kukhala chigumu cholimba. Ganizani chimanga chikakamira pakamwa pa chigayo. Kwa ine, ufa wa mbewu m'khoko la khosi lokhala ndi mutu ndi chinthu chosayenera kuyesa n'komwe. Anthu amene amagwiritsa ntchito Cream of Wheat pofufumitsa makoko atsopano kuti atenge maonekedwe a chemba amatero popanda mutu, ndipo imeneyo ndi ntchito ina.
3. Onga wathiridwa kawiri. Muyezo wochepa umalowa kawiri, nthawi zina katatu, m'khoko lalikulu osasefukira. Mukaikapo chodzazira, umboni wakwiririka.
4. Chodzazira chosayezedwa. Kutsina Dacron ndi zala kumapereka zosiyana pa khoko lililonse.
5. Kutentha. Chipolopolo chimene chidali bwino m'mawa wa June chimatha kuonetsa pulesha chitakhala pa dashibodi masana a October.

Zochita: siyani pa chipolopolo choyamba chimene chaonetsa zimenezi, musawombere chachiwiri kuti mutsimikize. Phwasulani zotsala, muyeze onga wa chilichonse pa sikelo, muyezenso chodzazira pachokha. Onani ngati sikelo ili pa magrain osati magalamu. Galamu imodzi ndi magrain 15.4, ndipo kusokoneza ziwirizi kumapha.

Chenjezo kwa eni mfuti zakale: musadikire zizindikiro zimenezi. Bungwe la SAAMI, loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America, limaika malire a pulesha ya .45-70 pa 28,000 psi, pamene .308 Winchester imafika 62,000 psi. Bungwe la CIP, logwira ntchito yomweyo m'mayiko ambiri a ku Ulaya, limaika .470 Nitro Express pa 2,700 bar, pamene .375 H&H ili pa 4,300 bar. Khoko ndi primer zimayamba kudandaula pa pulesha ya mfuti zamakono. Springfield yakale yotsegula pamwamba, kapena mfuti ya mipope iwiri, imakhala itapitirira kale malire ake primer ikuonekabe yosalala. Pa mfuti ya mipope iwiri, kulimba pothyola kapena kugwedera pamene mipope imakumana ndi thunthu n'kokwanira kuti muimitse zonse.

## Chizindikiro 3: Zatsopano zinkawomba bwino, zomwezo zitakhalitsa zasintha

Mwina zikukankha kwambiri, mwina makosi a makoko akung'ambika, mwina khosi lathothoka n'kutsalira mu mpope.

Woganiziridwa woyamba ndi chinyezi. Ufa wa chimanga ndi Cream of Wheat ndi chakudya, ndipo zimamwa chinyezi monga ufa umachitira m'thumba nyengo ya dzinja. Zikapanikizidwa m'khoko kwa miyezi zimauma gwa, moti pophwasula mumachita kugoba ndi kamtengo. Chigumu chotere chikakankhidwa chimakoka khosi la khoko. Chachiwiri ndi kusakanikirana: chodzazira chaufa chimene sichidapanikizike mokwanira chimalowerera mu onga zipolopolo zikamagwedezeka, ndipo chipolopolo chilichonse chimayaka mwakemwake. Chachitatu ndi mafuta a mitu ya mtovu amene asungunuka ndi kutentha n'kulowa mu thonje.

Phwasulani zitatu za gulu lakalelo muone. Mukapeza chigumu kapena onga wosakanikirana, gulu lonse lapita. Onga wotero sungasefedwe n'kubwezeredwa m'chitini. Mukapeza khoko lopanda khosi, yang'anani mu mpope musanaike chipolopolo china, chifukwa chidutswacho chingakhale chili momwemo.

## Chizindikiro 4: Kuchedwa kulira, kulira mofooka, kapena kungoti "tha"

Apa ngozi siili pa chipolopolo chimene chalephera, ili pa chotsatira.

Mfuti ikapanda kulira, isaloze kwina. Ikhale yolunjika ku chikwangwani kwa masekondi osachepera 30, ndipo mphindi yathunthu ndi yabwinopo. Kenako tsegulani nkhope ili kutali. Ikalira mofooka, kapena simudaone pamene mutu wagwera, chotsani bolt muyang'ane mu mpope kuchokera kumbuyo. Ngati kuwala sikukuoneka, mutu watsakamira, ndipo chipolopolo china pambuyo pake chimafufumitsa kapena kung'amba mpope.

1. Onga woyaka pang'onopang'ono wachepetsedwa kupyola muyezo woyambira wa m'buku. Anthu amaika chodzazira poganiza kuti chithetsa vutoli. Chimatha kubisa zizindikiro, koma ongawo ukadali wolakwika. Pali chodabwitsa china chodziwika pakati pa odzaza zipolopolo, chimene amachitcha secondary explosion effect: akuti onga wochedwa wochepa m'khoko lalikulu la khosi laling'ono umayamba kuyaka mofooka, mutu umasuntha pang'ono n'kuima pamene mizere ya mpope ikuyambira, kenako onga wotsala umayaka wonse kumbuyo kwa mutu wokakamira. Mfuti zaphulikapo ndi muyezo wochepa, osati wochuluka wokha. Makampani a onga amachenjeza za kutsika pansi pa muyezo woyambira pa chifukwa chimenechi.
2. Chodzazira chalowa pakati pa primer ndi onga, chifukwa chidali chochepa kapena khoko lidagona musanaike mutu.
3. Khosi silikugwira mutu mokwanira. Mphamvu ya primer yokha imakankha mutu onga usanayake bwino. Chodzazira chopanikizidwa kwambiri chimathanso kukankha mutu kunja pang'onopang'ono; yezani utali wa zipolopolo lero, muyezenso pakatha sabata.
4. Mafuta kapena chinyezi pa onga, kapena kabowo ka moto kotsekeka ndi timibulu totsukira makoko.
5. Mulibe onga. Khoko lokhala ndi chodzazira chokha limaoneka lodzaza.

Mutu wa mtovu wotsakamira pafupi umatha kutuluka ndi ndodo ya brass yokwana bwino mu mpope. Ukakhala wokutidwa ndi kopa, kapena sukusuntha mutamenya mopepuka, ntchitoyo ndi ya mmisiri. Osagwiritsa ntchito ndodo yamtengo, imene imasweka n'kudzaza m'mbali mwa mutu, ndipo osayesa n'komwe kuuwombera ndi khoko lopanda mutu.

## Chizindikiro 5: Liwiro likudumphadumpha, zibowo zikukwera ndi kutsika

Musanaloze chala chodzazira, yesani kaye ngati chikufunika. Ndi muyezo wa m'buku wopanda chodzazira, womberani zisanu mutayamba mwaloza mfuti m'mwamba n'kuitsitsa pang'onopang'ono, kuti onga ukhale kumbuyo, ndi zina zisanu mutayamba mwailoza pansi. Chitani zimenezi chala chili kutali ndi chowombera, ndiponso pokhapokha malamulo a pamalopo akulola. Kusiyana kukakhala kochepa, chodzazira mulibe nacho ntchito.

Ngati chodzazira chilimo kale koma manambala akubalalika: choyamba ndi kusayeza, chachiwiri ndi kutsindira mosiyanasiyana, chachitatu ndi makoko a makampani osiyana, amene mkati mwake simufanana kukula. Chachinayi n'choseketsa pang'ono: chronograph (makina oyezera liwiro la mutu) yoyendera kuwala imatha kuwerenga kathonje kapena ufa wouluka m'malo mwa mutu. Isunthireni patali muone ngati manambala akhazikika.

## Chizindikiro 6: Zinyalala, fungo la pulasitiki, utsi pa udzu

Silencer (chochepetsa phokoso) ndi muzzle brake (chochepetsa kukankha), zomangirira kukamwa kwa mpope. Alenje ambiri a ku South Africa amawombera ndi silencer, ndipo zipinda zake zimakola siponji, thonje ndi ufa. Zikaunjikana zimatha kukhudza mutu potuluka. Chodzazira ndi silencer zisakumane. Chimodzimodzi mfuti zodzikoka zokha ndi mpweya, chifukwa kabowo ka mpweya kamatsekeka.

Kapok ndi pepala zimatha kutuluka zikunyeka. Pa udzu wouma wa mu September, kamoto kameneko n'kokwanira kuyatsa tchire. Pitani mukaone patsogolo pa benchi yowomberapo musanachoke.

Onga wosapsa wotsala mu mpope umaloza ku pulesha yochepa kwambiri pa mtundu wa ongawo. Bwererani ku chizindikiro chachinayi.

## Chizindikiro 7: Mipope iwiri sikugwirizana

Mfuti ya mipope iwiri idalumikizidwa kuti igunde pamodzi ndi mutu wa kulemera kumodzi pa liwiro limodzi. Kawirikawiri, zibowo zikapingasana, mpope wakumanja n'kugunda kumanzere, liwiro lachuluka; zikatalikirana, lachepa. Chodzazira chimasintha liwiro, ndiye kuchiika, kuchichotsa kapena kusintha mtundu wake kumasokoneza mgwirizanowo. Msampha uli pofuna kukonza zimenezi powonjezera onga mpaka zibowo zikumane. Malire ndi a m'buku, osati a pa chikwangwani. Mfuti zimenezi ndi zomwe zimayenda ndi otsogolera alenje ku Luangwa ndi m'chigwa cha Zambezi, ndipo pamaso pa njati si malo oyeserera chipolopolo chimene simukuchidziwa bwino.

## Chizindikiro 8: Mwakayikira muli pa benchi yodzazira zipolopolo

Foni yalira, mwana waitana, ndipo simukukumbuka ngati khoko lachisanu ndi chiwiri lathiridwa kamodzi kapena kawiri. Khuthulani onse amene alibe mitu, muyambirenso. Amene ali kale ndi mitu aphwasulidwe. Kuyeza chipolopolo chathunthu pa sikelo sikukutsimikizirani kanthu pa miyezo yaing'ono, chifukwa makoko ndi mitu ya mtovu zimasiyana kulemera pazokha mokwanira kubisa cholakwacho.

Ndondomeko imene imatseka khomo limeneli ndi yosavuta. Makoko opanda kanthu akhale chozondoka. Thirani onga m'makoko onse a pa thabwa, muunike ndi tochi mzere ndi mzere, ndipo m'makoko akuya mulowetse kamtengo kolembedwa chizindikiro kuti muone ngati onga walekera pofanana. Mukatero m'pamene chodzazira chingabwere, ndipo mutu utsatire pompo. Pa benchi pakhale chitini chimodzi chokha cha onga.

## Njira yochotsera vuto lonse

Akatswiri sagwirizana pa nkhani ya zodzazira. Alipo odziwa ntchito amene awombera Dacron wosatsindira ndi siponji m'makoko a Nitro Express kwa zaka zambiri mfuti zawo zili bwino, ndipo alipo amisiri amene adaona machemba okwanira owonongeka moti safuna kumva n'komwe. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa zinthu zitatu: chitsekerero chosiya mpata n'choipa, ufa m'khoko la khosi n'woopsa, ndipo chodzazira ndi gawo la muyezo, osati chokongoletsera.

Maganizo anga ndi akuti anthu asanu ndi anayi mwa khumi amene amafunsa za chodzazira akufunika onga wina, osati thonje. Ulipo onga wopangidwira ntchito imeneyi. Trail Boss ndi wofufuma kwambiri moti umadzaza khoko ndi kulemera kochepa, koma suyenera kupanikizidwa. Accurate 5744 adaupanga kuti uziyaka bwino m'makoko aakulu osadzaza. Kampani ya Hodgdon idasindikiza malangizo a zipolopolo zofewa ndi onga wotchedwa H4895, ololeza kutsika mpaka 60 peresenti ya muyezo wapamwamba. Lamulo limenelo ndi la H4895 yekha, pa zipolopolo zimene kampaniyo idaulembera. Kulitengera pa onga wina ndi njira yachidule yopita ku chizindikiro chachinayi. Amene mumagwiritsa ntchito onga wa Somchem ku South Africa, tsatirani matebulo a Somchem, osati kufanizira ndi onga wa ku America chifukwa choti wayandikana nawo pa mndandanda wa kayakidwe.

Ngati buku loyesedwa latchuladi chodzazira, gwiritsani mtundu womwewo, kulemera komweko, ndi kaikidwe komweko, kuyambira pa muyezo wotsika.

## Lekani, pitani kwa mmisiri wa mfuti

- Mzere wotukuka pamalo amodzi pa makoko angapo.
- Bolt yofuna kumenya kuti itseguke.
- Primer yabooka kapena yatuluka, khoko laduka, kapena mpweya wakuwombani kumaso.
- Chotupa pa mpope, kapena kansalu kotsukira kakudutsa mopepuka pamalo ena.
- Mutu wotsakamira wosasuntha.
- Mfuti ya mipope iwiri yayamba kugwedera, kapena kachitsulo ka pakati pa mipope kakumatuka.
- Mfuti yakale iliyonse imene mbiri yake simukuidziwa, musanayambe n'komwe kuidzazira zipolopolo.

Popita, tengani mfuti yopanda zipolopolo, makoko owomberedwa, zipolopolo ziwiri kapena zitatu zosawombera za gulu lomwelo, ndi kabuku kanu. Muuzeni zoona za chimene mudaikamo, ngakhale litakhala pepala la kuchimbudzi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Iye adzaunika ndi borescope (chida choonera mkati mwa mpope), adzayeza headspace (mpata umene khoko limakhala nawo m'chemba mfuti itatsekedwa), ndipo mwina adzaumba chithunzi cha chemba ndi Cerrosafe, chitsulo chimene chimasungunuka pa kutentha kochepera kwa madzi owira. Mphete yozama imatha kugwira chitsulocho osatuluka, ndiye ntchito imeneyi musaiyese nokha.

Pa mfuti ya bolt, mmisiri angathe kudula mpope kumbuyo, kuubweza m'kati n'kuboola chemba yatsopano, kapena kuika mpope wina. Pa mfuti ya mipope iwiri njira ndi zochepa komanso zodula: kuveka chemba chitsulo chatsopano mkati kapena kusintha mipope, kenako kuigwirizanitsanso. M'mayiko a CIP, monga Britain, mfuti yokonzedwa motero imabwerera ku nyumba yoyesera mfuti, ngati ya ku Birmingham, kuti ikadindidwenso isanagulitsidwe.

Zipolopolo zokayikitsa musazisunge pa shelefu kuti mudzaziona tsiku lina, ndipo musapatse mnzanu. Zilembeni ndi inki yofiira, muziphwasule sabata yomweyo mutavala magalasi otchinga maso. Chophwasulira chokoka mutu pa makina ndi chabwino kuposa cha nyundo, chifukwa cha nyundo chimasakaniza onga ndi chodzazira, n'kukulepheretsani kuyeza chimene chidalakwika.